WOSEMA MIYALA WA KU CHITUNGWIZA

Kumwera kwa mzinda wa Harare, m'dziko la Zimbabwe, pa mtunda wa makilomita ngati 25, kuli mzinda wina waukulu wochedwa Chitungwiza. Nyumba zace zambiri nzazing'ono ndi zothithikana, monga za m'makomboni a ku Lusaka kapena ku Kitwe. Mlendo akamayenda m'miseu yace m'mamawa amamva phokoso la masiku onse: ana opita ku sukulu, mabasi oitana anthu a ku nchito, akazi otsatsa matimati ndi ndiwo zamasamba. Koma pa nyumba zina amamva phokoso lacilendo, lakuti kho! kho! kho! ngati munthu ali kukhoma msomali pa thanthwe. Akasuzumira pa mpanda amaona zodabwitsa. Pabwalo pali khamu la anthu ndi nyama, koma onse ali duu, osagwedezeka: mai wobereka mwana, kadzidzi wa maso akuluakulu, nkhalamba yogwira ndebvu, mvuu yoyasama kukamwa. Onsewo ngamiyala. Ndipo kuseri kwa nyumba, pa mthunzi wa mtengo, pakhala munthu wotuwa mbuu ndi fumbi, nyundo ku dzanja lamanja, chizulo ku dzanja lamanzere.

Munthu wotere ndiye wosema miyala. Alibe bwana womlipira pa kutha kwa mwezi, alibenso sitolo m'tauni. Bwalo la nyumba yace ndilo pogwirira nchito, ndiponso ndilo poonetsera ndi pogulitsira zimene wasema. Motero iye ali ndi nchito ziwiri pa khomo limodzi, ya mmisiri ndi ya wamalonda, ndipo nchito ziwirizi sizimvana masiku onse.

Mcewa amene anatsika kumwera

Mmodzi wa amisiri omveka amene anakhala ku Chitungwiza anali Mcewa wocokera ku Zambia, dzina lace Fanizani Akuda. Iye anabadwa m'caka ca 1932, dzikoli likali kuchedwa Northern Rhodesia. Masiku amenewo anyamata ambiri anali kutsika kumwera kukafuna ndalama za msonkho ndi za zobvala, ena ku migodi, ena ku minda ya Azungu, ndipo ambiri a iwo anakhala machona osabweranso kwao. Fanizani anatsata njira yomweyo m'caka ca 1949, asanakwanitse zaka 18. Kumeneko anagwira nchito zosiyanasiyana: anathyola thonje, anamanga nyumba za njerwa, analuka madengu.

Kumpoto kwa Harare, m'dera la Guruve, kunali munda wa fodya wa Mzungu wina, dzina lace Tom Blomefield. Anchito ace ambiri anali alendo, Acewa ndi Ayao ocokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, ndi ena ocokera ku Angola. M'caka ca 1965 boma la Azungu la Ian Smith linalengeza lokha kuti lapatuka ku ulamuliro wa Britain, ndipo maiko ambiri anakana kucita nalo malonda. Fodya anasowa msika. Koma pa munda womwewo panali phiri la mwala wochedwa serpentine, ndipo wosema wina, Crispen Chakanyuka, anamsonyeza mwini munda kuti mwalawo ngwabwino kusema. Tsono m'caka ca 1966 anchito a fodya aja anapatsidwa nyundo ndi machizulo, ndipo mudzi wa osema wochedwa Tengenenge unayamba pomwepo. Ogula analipo kale, pakuti nyumba ya boma yoonetseramo zaluso, National Gallery, inali itatsegulidwa ku Harare m'caka ca 1957, ndipo mkulu wace woyamba, Frank McEwen, anali kuchukitsa zosema za m'dzikomo kutsidya kwa nyanja. M'caka ca 1971 zina zinaonetsedwa ku Paris, m'nyumba yochedwa Musée Rodin.

Anthu a ku Ulaya anazolowera kuzicha zonsezi zosema za Mashona. Dzinali silinalunjike kwenikweni, cifukwa ambiri a ku Tengenenge sanali Mashona ai. Anali ana a Acewa ndi Ayao, ndipo ena a iwo anali kusema akukumbukira nkhope za gule wamkulu zimene anakula akuziona.

Fanizani sanayambe ndi kusema. Nchito yace yoyamba ku Tengenenge inali yokumba miyala m'mgodi kuti ena aseme. Pambuyo pace anayesa yekha, ndipo posacedwa manja ace anadziwika. Iye anakonda kusema nkhope zobulungira, zomwetulira, za maso opsinya ngati kamzere. Anasema mabanja okumbatirana, ndi anthu ofungata nyama. Zimene zinamchukitsa koposa ndizo mitu ya anthu oimba mluzu. Pa milomo ya mutu wotere iye anali kuboola kadzenje kamodzi, ndipo munthu akagogoda pa kadzenjeko ndi cala cacikulu, mwala umatulutsa kaliu.

Nkhondo yomenyera ufulu itakula m'madera a kumpoto, Fanizani anasamuka ndi banja lace m'caka ca 1975, nakakhala ku Chitungwiza. Ufulu utabwera m'caka ca 1980 mudzi wa Tengenenge unadzukanso, koma iye sanabwerereko. Anasema payekha kufikira imfa yace m'caka ca 2011. Kusamukako sikunali kusintha nyumba kokha. Ku Tengenenge mgodi unali pafupi, ndipo panali ena oitana ogula. M'tauni wosema wodziimira yekha ayenera kudzipezera zonse: mwala, zipangizo, ogula, ndi nzeru ya kusunga ndalama. Umenewu ndiwo moyo wa osema ambiri a m'mzindamo, ndipo umaoneka bwino munthu akatsata mmodzi wa iwo kuyambira pa mwala kufikira pa malonda.

Mwala

Cinthu coyamba ndi mwala, ndipo mwala suli pafupi. Yambiri yabwino imacokera ku mtandadza wa mapiri wochedwa Great Dyke, umene unadutsa pakati pa dziko la Zimbabwe kucokera kumpoto kunka kumwera, mtunda wa makilomita ngati 550. M'mapiri omwewo ndimo mukumbidwa chrome ndi platinum. Miyala yosema njamitundumitundu. Ulipo wofewa kwambiri, umene munthu angathe kuukanda ndi cikhadabo. Umenewu ndiwo aphunzirirapo ana, ndiponso ndiwo asemera tizinthu totsika mtengo togulitsa m'mphepete mwa mseu. Ulipo wobiriwira wochedwa opal, wosabvuta kwambiri kusema. Koma umene amisiri enieni amaulemekeza ndi wakuda wochedwa springstone, wolimba kotero kuti citsulo cimanjanja pougogoda. Umenewu sulabadira mvula kapena cisanu, ndipo cosema cace cingathe kukhala pabwalo zaka zambirimbiri.

Wosema akafika ku mgodi satola mwala mwacisawawa. Poyamba amauthira madzi, pakuti mwala wouma umaoneka wotuwa, koma ukanyowa umaulula maonekedwe ace enieni. Kenaka amaugogoda ndi nyundo, nachera khutu. Ukalira ngwee ngati belu, ndiye kuti ngwamphumphu. Ukalira mogontha ngati mphika wosweka, ndiye kuti uli ndi mng'alu mkati, ndipo wanzeru amausiya pomwepo. Amene anyalanyaza kuyesa kotere adzalira tsiku lina, pamene mutu wa cosema udzaduke iye atagwirapo kale nchito masabata atatu.

Mwala ngwolemera kopambana m'mene uonekera. Cibuma ca masentimita 30 m'litali, m'lifupi ndi mu msinkhu cimalemera makilogalamu ngati 70, ndiko kuposa thumba la cimanga. Cifukwa cace wosema sangathe kukwera nao basi. Ayenera kulipira galimoto lalikulu, ndipo kawirikawiri osema angapo amasonkherana kuti galimoto limodzi liwatengere onse. Taonani tsono: ndalama za mwala ndi za galimoto zimatuluka lero, koma zobwezera zidzalowa patapita miyezi, mwina caka.

Nyundo ndi chizulo

Wosema amalawira m'mamawa, dzuwa lisanatenthe. Koma asanagwire nyundo, bwalo liyenera kusesedwa, ndipo zosema zonse ziyenera kupukutidwa ndi nsaru, cifukwa usiku zagwa mame ndi fumbi, ndipo mbalame sizidziwa mtengo wa cinthu cimene zateramo. Nchito imeneyi kawirikawiri nja ana asanapite ku sukulu.

Mwala watsopano sauyamba msanga. Amauimika pa citsa, nauzungulira, naugoneka cammbali, nauimikanso. Nthawi zina umakhala pomwepo masiku ambiri iye ali kugwira zina, koma akadutsa amauponyera diso. Anansi osadziwa amayesa ulesi. Osema ambiri amanena kuti cinthu cimene adzasema cili kale m'kati mwa mwala, ndipo nchito yao ndiyo kucotsa zocikuta. Mau amenewa ali ndi nzeru yace, pakuti wosema miyala sali ngati woumba mbiya. Woumba akalakwa amaonjezapo dothi, nakonza. Wosema akabenthula mphuno, yabenthuka basi, palibe comatira. Cifukwa cace ayenera kugwirizana ndi mwala monga uliri: pamene patukuka pakhale phewa, pamene palowa pakhale khosi.

Akatsimikiza mtima, amalemba mizere pa mwalawo ndi coko kapena khala, natenga citsulo cosongoka ndi nyundo yolemera, nayamba kugamula zibenthu zikuluzikulu. Iyi ndiyo nchito ya thukuta, ndipo ndiyo imene mlendo uja anaimva ali pa mseu. Maonekedwe akayamba kutuluka, amasintha zipangizo. Amatenga chizulo, kenaka kanyundo ka mano, kamene kamasalaza mabampu ndi kusiya timadontho toyera pa mwala. Pambuyo pace amatenga tupa wamkulu, natsiriza ndi tupa wamng'ono wolowa m'makutu ndi m'mphepete mwa maso. Pamene nchito ili kunka ku mapeto, nkhonya zimacepa mphamvu, ndipo kuganiza kumacuruka.

Nchitoyi ili ndi zoopsya zace. Kacibenthu kouluka kangathe kuboola diso, ndipo fumbi la mwala likamalowa m'mapapo zaka zambiri limadwalitsa cifuwa cosacira msanga. Wosema wosamala amabvala magalasi ndi kansaru kophimba mphuno, nathira madzi pamene ali kupala. Koma alipo ambiri amene amati magalasi amawatsekereza kuona bwino, nawapacika pa nthambi. Kumeneko nkulakwa, pakuti mmisiri wotere cuma cace conse ndi maso awiri.

Tupa akatha, cosema cimalowa m'madzi. Amaciika m'beseni kapena pambali pa ndowa, nacikhula ndi sandipepa wonyowa, kuyambira wokakala, kutsata wosalala pang'ono, kufikira wosalala ngati tsamba la nthoci. Aliyense amafafaniza zipsera zimene mnzace wasiya, ndipo munthu akalumpha mmodzi, zipserazo zidzaonekera poyera pa tsiku lopaka phula. Nchito imeneyi njotopetsa, yosafuna mphamvu koma kupirira. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Pamenepa ndipo pathandiza a pabanja. Mkazi wa wosema amakhula, ana amakhula akaweruka ku sukulu, ndi mwana wa mlongo wace amene anabwera kudzaphunzira nchito amakhula miyezi yambiri asanaloledwe kugwira chizulo. Mnyamatayo amadandaula, koma m'kukhulamo zala zace zili kuphunzira m'mene tsaya limapindikira ndi m'mene msana wa nyama umatsikira. Amisiri ambiri omveka anayamba motero. Dominic Benhura, amene anabadwa m'caka ca 1968 ndipo zosema zace za ana osewera zinafika m'maiko ambiri, anayamba ali mwana pothandiza mbale wace Tapfuma Gutsa kupukuta zosema.

Cotsiriza ndi moto. Wosema amasonkha moto wa nkhuni, naika cosema pambali pace, namacitembenuza pang'onopang'ono kuti citenthe mbali zonse. Amene ali ndi ndalama amatenthetsa ndi nyali ya gasi. Pano mtima wace umakhala m'mwamba, cifukwa mwala ukatenthedwa mofulumira, kapena mbali imodzi yokha, umang'aluka, ndipo nchito ya mwezi wathunthu imatha m'kamphindi. Mwala ukatentha bwino amaupaka phula, kawirikawiri polishi woyera yemwe uja apaka pansi m'nyumba. Phula limasungunuka nililowa m'mwalamo. Amapaka kawiri, katatu, nausiya kuti uzizire, ndipo pamenepo amaupukuta ndi nsaru yofewa. Mwala uja unali wotuwa ngati phulusa tsopano wada bii, nunyezimira ngati khungu la mwana wodzola mafuta. Mbali zina, monga tsitsi kapena copfunda, amazisiya dala zosapaka, kuti kuyera kwace kusiyane ndi kuda kwa nkhope. Potsiriza amalemba dzina lace kunsi kwa cosemaco ndi kacitsulo kakuthwa.

Mlendo pa cipata

Tsopano mmisiri ayenera kusanduka wamalonda. Cosema catsopano cimaimikidwa pa citsa cace pabwalo. Kuika kumeneku nakonso kuli ndi luso. Zazikulu amaziika pafupi ndi cipata kuti zikope odutsa. Zazing'ono amaziika pa thandala pakhonde. Wosadziwa amaunjika zonse pamodzi ngati maungu pa msika, ndipo diso la wogula limatopa lisanaone kanthu. Wodziwa amasiya mpata, kuti munthu athe kuzungulira ciri conse ndi kuciona kumaso ndi kumbuyo.

Wogula sapangana tsiku. Pangathe kupita masabata atatu popanda galimoto kuima pa cipata, ndipo tsiku limene liima ndilo tsiku lomwe wosema ali pakati pa kutulutsa diso la cosema, pamene safuna ngakhale mwana amlankhule. Komabe ayenera kutula chizulo, kusamba m'manja, kukung'untha fumbi, ndi kumwetulira. Ayenera kulankhula Cingerezi, kuyenda ndi mlendo pang'onopang'ono, kuchula dzina la mwala uli wonse, ndi kufotokoza tanthauzo la cosema ciri conse, pakuti ogula ambiri safuna mwala wokha, afunanso nkhani yokanena kwao. Mlendo angathe kukhala maora awiri, kujambula zithunzi, kuyamika kwambiri, nkucoka osagula kanthu. Wosema amamperekeza mwaulemu mpaka pa cipata, nabwerera ku diso lija, koma maganizo amene anali nao aja athawa.

Ogula ali a mitundu iwiri. Woyamba ndi mlendo wodzaona dziko. Iye amalipira bwino, koma amafuna kanthu kakang'ono, cifukwa m'ndege salola katundu wolemera kopitirira makilogalamu 20 kapena kuposerapo pang'ono. Waciwiri ndi wamalonda amene ali ndi sitolo ya zaluso ku Netherlands, ku Germany, ku Britain kapena ku America. Ameneyu amasankha zosema khumi kapena makumi awiri nthawi imodzi, koma amatsitsa mtengo kwambiri. Zimene wagula zimakulungidwa, nizikhomeredwa m'mabokosi a matabwa, ndipo popeza Zimbabwe alibe nyanja yamcere, monganso Zambia, zimayenda pa mseu kufikira ku doko la Durban kapena la Beira, kumene zimakwera sitima ya pamadzi. Kutsidyako cosema cimagulitsidwa pa mtengo woposa kangapo umene mwini wace analandira. Osema amawawidwa nazo mtima zimenezi, ndipo sali olakwa. Koma kunena zoona wamalondayo nayenso amalipira sitima, msonkho ndi lendi, ndipo zina zimafika zitasweka, zina zimakhala zaka osagulidwa.

Kuchula mtengo ndiko kubvuta koposa. Mwa citsanzo, cosema cagulidwa pa madola 100. Munthu wapanjira adzati wosema walemera lero. Koma pa ndalamazo pacoke za mwala, za galimoto, za sandipepa, za phula, za nkhuni, ndi za mnyamata wothandiza uja. Pacokenso mtengo wa cosema cina cimene cinang'aluka pa moto mwezi watha. Zotsalazo zigawidwe pa masiku onse amene anagwira nchito, ndiponso pa masabata aja amene palibe anaima pa cipata. Pamenepo cidzaoneka kuti malipiro ace a tsiku limodzi ngocepa. Wogula wocenjera amadziwa nyengo imene ndalama za sukulu zifunika, ndipo amadza nthawi yomweyo. Wosema amadziwa bwino lomwe kuti cinthu cace ciyenera mtengo woposa, koma amayang'ana ana, nakumbukira kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo, nabvomera.

Aliponso ena amene amatenga zosema pa ngongole, nalonjeza kuti adzalipira akagulitsa. Ena amasunga pangano, ena samvekanso. Cifukwa cace wosema wanzeru amasunga buku, nalembamo tsiku, dzina la cosema, mtundu wa mwala, kulemera kwace, amene watenga, ndi ndalama zotsala. Ambiri amene manja ao ngaluso anagwa pa cifukwa ca kusowa buku lotere, osati pa cifukwa ca kusowa ogula.

Mkangano wa m'mtima

Pali bvuto lina limene silioneka ndi maso, ndipo ndilo lalikulu. Tsiku lina wosema asema kadzidzi, ndipo agulidwa msanga. Asemanso wina, nayenso agulidwa. Wamalonda uja atumiza mau kuti afuna akadzidzi makumi atatu, onse ofanana ndi woyamba. Kodi akane? Nyumba ifuna malata, mwana afuna nsapato. Tsono abvomera, ndipo miyezi itatu asema akadzidzi okhaokha. Manja amafulumira, koma maso amaleka kufunsa mwala cimene uli naco. Mwala uli wonse, ungakhale wa maonekedwe otani, uyenera kukhala kadzidzi. Woyamba uja anali ndi moyo. Wa makumi atatu ali ndi maso, mlomo ndi mapiko, zonse m'malo mwace, koma ngwakufa.

Pamwamba pa izi, anansi aona kuti kadzidzi ali ndi malonda, ndipo posacedwa mseu wonse wadzala akadzidzi a mwala wofewa, opakidwa polishi wakuda wa nsapato kuti aoneke ngati springstone, ogulitsidwa pa mtengo wocepa. Amisiri omveka ambiri anaona zosema zonga zao zili kugulitsidwa ndi anthu amene sanawaonepo.

Sikuti kubwereza konse nkoipa. Fanizani anasema nkhope zomwetulira zaka zoposa makumi anai, ndipo munthu wozidziwa amazizindikira ali patali, monga azindikira liu la mbale wace mumdima. Mmisiri ayenera kukhala ndi dzanja lacelace. Koma kubwerera ku cinthu cimene mtima ucikonda nkwina, ndipo kubwereza cinthu cifukwa wogula walamula nkwina, ngakhale kuti wopenya kunja sangathe kusiyanitsa msanga. Osema ena amagawa nthawi yao: masiku ena asema tizinthu ta malonda todyetsa banja, ndipo masiku ena atsekera cipata, nagwira mwala umodzi waukulu umene palibe anauitanitsa, umene mwina udzakhala pabwalo zaka zisanu. Ogula odziwa zinthu akafika, kawirikawiri amapitirira akadzidzi onse aja, nakaima pa mwala umenewo.

Zaka za njala

Malonda otere amadalira alendo, ndipo alendo ali ngati mbalame za m'dzinja: kukaopsya sizibwera. Kuyambira caka ca 2000, pamene m'Zimbabwe munabuka mikangano ya minda ndi ya ndale, alendo anacepa kwambiri. M'caka ca 2008 ndalama ya dzikolo inatha mphamvu kotero kuti mtengo wa buledi unali kusintha tsiku lomwelo, ndipo kuciyambi kwa 2009 boma linasindikiza ndalama ya pepala imodzi yolembedwa madola 100,000,000,000,000. Wosema amene anagulitsa cinthu m'mawa, pofika madzulo ndalama zace zinali zosakwanira kugula sandipepa. Ambiri anataya nyundo, ena anaolokera ku South Africa kukagulitsa m'miseu ya Johannesburg ndi Cape Town. M'caka ca 2020 mliri wa Covid-19 unaimitsa ndege, ndipo pa zipata panameranso udzu.

Osema anafuna njira zodzitetezera. Ena anaona kuti wogula sangathe kuyenda khomo ndi khomo m'mzinda waukulu wotere, motero anasonkhana pa malo amodzi ochedwa Chitungwiza Arts Centre, amene anayamba m'caka ca 1997, pamene ali yense ali ndi kadera kace kosemerapo ndi koonetserapo. Foni ya m'manja nayonso inasintha zinthu. Wosema amajambula cosema cace mbali zinai, naimika botolo pambali kuti msinkhu wace udziwike, natumiza zithunzizo pa WhatsApp kwa wogula amene ali ku Amsterdam. Imeneyi ndi nchito yacitatu yoonjezera pa ziwiri zija, ndipo kawirikawiri amaigwira ndi mwana wa sukulu, amene adziwa kulemba Cingerezi ndi kuwerengera ndalama za maiko ena.

Kaya galimoto linaima pa cipata kaya silinaime, dzuwa likapendeka nyundo imaleka kulira, pakuti kusema mumdima nkuononga mwala ndi zala. Ana amalowetsa tizosema tating'ono m'nyumba kuopa akuba. Zazikulu zimagona pabwalo, popeza palibe mbala ingathe kuthawa ndi mvuu ya makilogalamu 200. Zibenthu za tsikulo amazisesa, nasankhamo zokulirapo kuti mnyamata wophunzira uja ayeserepo dzanja. Pamenepo wosema amakhala pa citsa, mwala wonolera pakati pa miyendo, nanola machizulo ace limodzi limodzi, kuti m'mawa adzapeze ali akuthwa.

Mafunso

1. Kodi ncifukwa ciani anchito a m'munda wa fodya anayamba kusema miyala m'caka ca 1966?
2. Wosema amadziwa bwanji kuti mwala uli ndi mng'alu m'kati?
3. Fotokozani kusiyana kwa nchito ya woumba mbiya ndi ya wosema miyala pamene ali yense walakwitsa.
4. Pezani pa mapu njira imene cosema cingayende kucokera ku Chitungwiza kufikira ku doko la Beira.
5. Mukadakhala inu wosema, ndipo wamalonda nkukupemphani akadzidzi makumi atatu ofanana, mukadayankha ciani? Perekani zifukwa zanu.
6. Kacezeni ndi mmisiri wa kwanu, wosema mitondo, woumba mbiya kapena woluka mphasa. Mfunseni kumene atenga zipangizo zace ndi m'mene amachulira mtengo, ndipo mulembe zimene mwamva.